Mawu a Chingerezi omwe anabadwira pa chombo, ndi ena omwe anangowanamizira

Funso: Ndine mphunzitsi wa Chingerezi pa sukulu ina ya sekondale yoyendera m'boma la Nkhotakota. Mnzanga ananditumizira uthenga pa WhatsApp wondandalika mawu ndi zining'a zambirimbiri za Chingerezi, n'kunena kuti zonsezo zinachokera kwa anthu oyenda panyanja. Munali "by and large", "taken aback", "slush fund", "SOS", "posh" ndi zina. Zina zikumveka zoona, zina zikundikayikitsa. Zoona ndi ziti, nanga ndingazifotokoze bwanji kwa ana omwe sanaonepo nyanja yamchere?

Yankho: Aphunzitsi, mwachita bwino kukayika musanaime kutsogolo kwa kalasi. Mauthenga amtunduwu ndawaona kambirimbiri, ndipo amakhala ngati mpunga wopunthira pamchenga: chakudya chilimo ndithu, koma ukapanda kusankha uthyola dzino. Pa mawu asanu omwe mwatchulawo, atatu oyambawo ndi a panyanja enieni. "SOS" ndi ya panyanja, koma tanthauzo lomwe anthu amaimatirira ndi lopeka. "Posh" yekhayo sakhudzana n'komwe ndi sitima iliyonse.

Chingerezi chili ndi mawu ambiri chotere chifukwa Britain ndi chilumba. Malo omwe ali kutali kwambiri ndi gombe m'dziko lonselo ali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 113, waufupi kusiyana ndi wochoka kwanuko kukafika ku Lilongwe. Pa nkhondo zolimbana ndi Napoleon, kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, gulu la nkhondo lapamadzi la Britain linali ndi amuna oposa 100,000, osawerengera amalinyero a zombo zamalonda, asodzi ndi onyamula katundu pamadoko. Anthuwa akatsika kumtunda ankatsika nawo malankhulidwe a kuntchito kwawo, n'kukawatula kunyumba, kumsika ndi kumowa. Zombo zoyendera mphepo zinatha, mawu n'kutsala, moti lero Mngerezi wamba amawalankhula osadziwa chinthu chomwe akutchula.

Apa mpamene ndikufuna mulimbe mtima. Ana anu sali kumbuyo pa nkhaniyi. Mwana wokulira pakati pa London sadziwa kuti mphepo ili ndi mayina, pomwe wa ku Nkhotakota amasiyanitsa mwera, mpoto ndi vuma asanayambe n'komwe sukulu. Amadziwa kuti bwato limawongoleredwa ndi wokhala kumbuyo, anaonapo anthu akukapa madzi, anamvapo nkhani za asodzi omwe namondwe anawapeza pakati pa nyanja. Tauni yanuyo inalinso doko la zombo za matanga m'nthawi ya a Jumbe, ndipo mawu monga thanga, mlongoti, ngalawa ndi chombo ali ndi abale awo m'Chiswahili. Zining'a zimene mukufunsazi poyamba zinali mawu a ntchito, ntchito ya zingwe, nsalu ndi mphepo. Mwana akaiona ntchitoyo m'maganizo mwake safunikanso kuloweza.

Tiyambe ndi "by and large", yomwe ana amaikonda m'zimangirizo. Chombo cha matanga sichingalunjike kumene mphepo ikuchokera. Tiyerekeze kuti chikuchoka ku Nkhotakota kupita ku Chipoka mu July mwera uli pachimake. Sichingapite molunjika kummwera. Chiyenera kudula mphepo chammbali, matanga atakokedwa kolimba, kupendekera uku kenako uko. Kuyenda moyandikira mphepo kotereku amalinyero ankati kuyenda "by the wind". Pobwerera, mwera womwewo ukukankha kumbuyo, zingwe amazimasulako, thanga n'kufufuma, ndipo uku kunali kuyenda "large". Zombo zina zinkathamanga bwino mphepo ikakhala kumbuyo koma zinali zaulesi poidula. Chombo choyenda bwino "by and large" chinali chochita bwino kuwiri konse. Mawuwa akupezeka kale m'buku la malangizo a amalinyero la mu 1669. Tanthauzo la lero, loti tikaona mbali zonse, pang'ono ndi pang'ono linamera pamenepo. Mukawafotokozera chonchi, ana adzasiya kuganiza kuti "large" wa apayu akunena za kukula.

"Taken aback" ikuchokera pa ngozi. Zombo zikuluzikulu zinali ndi matanga a ngodya zinayi opachikidwa pa mitanda yopingasa mlongoti. Mphepo ikatembenuka mwadzidzidzi, kapena wogwira chiwongolero akasinza, inkamenya matangawo chakutsogolo n'kuwakanikizira pa mlongoti. Chombo chinkaima chilili, nthawi zina n'kuyamba kubwerera chambuyo, ndipo mphepo ikakhala yaukali milongoti inkathyoka. Munthu yemwe ali "taken aback" ndi amene uthenga wamumenya kumaso mosayembekezera, iye n'kungoti kakasi. Chichewa chathu chili ndi mawu ake okwana bwino pamenepa, ndipo ine ndikadakhala inu ndikadawalemba pabolodi moyandikana.

Pa gulu lomweli pali "three sheets to the wind", yonena za munthu woledzera kwambiri. Ambiri amaganiza kuti "sheet" ndi nsalu ya thangalo, koma pa chombo "sheet" ndi chingwe chogwira ngodya yam'munsi ya thanga. Chingwecho chikamasuka thanga limangokupiza, ndipo zikamasuka zingapo chombo chimayenda dzandidzandi. Mawuwa analembedwa koyamba kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1800, ndipo nthawi imeneyo ankati "in the wind". Palinso "leeway", mtunda womwe mphepo imakankhira chombo chammbali kuchoka pa njira yake. Kaputeni wanzeru ankasiya mpata pakati pa chombo ndi miyala poganizira kukankhidwa kumeneku, n'chifukwa chake lero mawuwa amatanthauza mpata wochitira zinthu momasuka. "Aloof", munthu wodzipatula, linali lamulo kwa wowongolera kuti alozetse mutu wa chombo ku mphepo n'cholinga chotalikirana ndi gombe loopsa.

Mawu omwe ine amandigwira mtima kwambiri ndi "fathom". M'Chingerezi chakale kwambiri ankatanthauza manja otambasulidwa, kuchoka ku nsonga ya chala cha dzanja lino kukafika ku nsonga ya chala cha dzanja linalo. Kenako unakhala muyezo wokhazikika wa mafiti 6, omwe ndi mamita 1.83. Ife tili nawo muyezo womwewo, ndipo timautcha mkwamba. Agogo athu ankayezera nawo nsalu. Mmalinyero ankaima kutsogolo kwa chombo ndi chingwe chomangirira mtovu kunsonga, n'kuchiponya m'madzi. Chikagunda pansi ankachikoka akuchiyeza ndi manja ake, mkwamba ndi mkwamba, akufuula chiwerengero kuti kaputeni amve. Mngerezi akati "I cannot fathom it" akunena kuti chingwe chake chatha koma pansi sanapagunde. Mlembi wa ku America Samuel Clemens anatenga dzina lake lolembera, Mark Twain, pa mfuu yotereyi ya pa mtsinje wa Mississippi, yotanthauza kuti madzi akuya mikwamba iwiri.

Ngati mukufuna ndime yowerengera ana, musavutike kufuna kutali. Tsegulani Machitidwe a Atumwi mutu 27, ulendo wa Paulo wopita ku Roma. Muli namondwe wa masiku 14, muli kutaya katundu m'madzi kuti chombo chipepuke, muli anangula anayi oponyedwa kumbuyo, ndipo pa vesi 28 amalinyero akuyeza madzi n'kupeza mikwamba 20, kenako 15, chizindikiro choti mtunda wayandikira. Awerengeni m'Chichewa, kenako m'Chingerezi. Mawu ambiri a panyanja adzalowa okha popanda kukakamiza, ndipo nkhaniyo ambiri mwa iwo anaimvapo kale kutchalitchi.

Kuyeza liwiro kunabala mawu omwe aliyense wokhala ndi foni amawagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku. Pakati pa nyanja yamchere palibe mtengo kapena phiri loti uonerepo kuti ukuthamanga bwanji. Amalinyero ankaponya kathabwa kumbuyo kwa chombo, komwe ankakatcha "log", mawu otanthauza chipika. Kathabwako kanali ndi mtovu mbali imodzi kuti kaime chilili m'madzi n'kutsalira pomwepo, ndipo kankamangiriridwa ku chingwe chachitali chokhala ndi mfundo. Pa muyezo womwe unadzakhazikika, mfundozo zinkatalikirana mafiti 47 ndi mainchesi 3, pafupifupi mamita 14.4. Mmodzi ankagwira kabotolo ka mchenga kotha m'masekondi 28, wina akuwerenga mfundo zodutsa m'manja mwake. Zikadutsa 8 mchenga usanathe, ndiye kuti chombo chikuyenda "8 knots", kutanthauza mamailosi a panyanja 8 pa ola. Mailosi imodzi ya panyanja ndi mamita 1,852. Mukhoza kuwapatsa aphunzitsi a masamu kuti ayese ndi ana: mamita 14.4 m'masekondi 28 akufanana pafupifupi ndendende ndi mamita 1,852 pa ola limodzi. Zotsatira za kathabwako ankazilemba m'buku lomwe linatchedwa "logbook", ndipo m'kupita kwa nthawi buku lililonse lolembamo zochitika motsata nthawi linatenga dzinalo, ngakhale la galimoto yaboma. Makompyuta atabwera, kulembetsa dzina polowa kunatchedwa "log in". Mwana akamalowa pa Facebook akutchula chipika chomwe chinkaponyedwa m'nyanja zaka 400 zapitazo. Kumbutsaninso ana kuti "knot" ndi liwiro kale, choncho kulemba "knots per hour" n'kulakwitsa.

"Starboard", mbali ya kumanja ya chombo, siikhudzana ndi nyenyezi ngakhale imayamba ndi "star". Zombo zakale za kumpoto kwa Ulaya zinalibe tsigiro pakati. Zinkawongoleredwa ndi nkhafi yaikulu yomangirira kumbuyo chakumanja, popeza anthu ambiri mphamvu zawo zili ku dzanja lamanja. Mbaliyo inatchedwa "steorbord", mbali yowongolerera. Pokocheza ankagundiza mbali inayo ku doko kuti nkhafi isathyoke, ndipo inkatchedwa "larboard". Koma mkati mwa mkuntho "starboard" ndi "larboard" zimamveka ngati mawu amodzi, ndipo kumva molakwika kunali imfa. Mu 1844 akuluakulu a nkhondo yapamadzi ku Britain analamula kuti mbali ya kumanzere izitchedwa "port". Ilala ikamadutsa usiku auzeni ana ayang'ane nyali: yofiira ili kumanzere kwa sitimayo, yobiriwira kumanja. Ndege nazonso zinatengera lamulo lomweli.

Tsopano "slush fund", yomwe ana amaimva pa nkhani za katangale. Chakudya cha amalinyero chinali nyama ya ng'ombe kapena ya nkhumba yosungidwa mu mchere m'migolo. Wophika akaiwiritsa, mafuta ankayandama pamwamba, iye n'kumawawaula. Mafuta onyansawa ndiwo "slush". Ena ankapaka milongoti ndi zingwe, otsala ankawagulitsa pa doko kwa opanga makandulo ndi sopo. Ndalama zake sizinkalowa m'mabuku a eni chombo. Zinkagulira tinthu tating'onoting'ono ta anthu a m'chombomo. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ku America, mawuwa anasamukira ku ndale n'kuyamba kutanthauza thumba la ndalama zobisika zoperekera ziphuphu. Chomwe chinasamuka ndi ganizo la ndalama yosalembedwa paliponse.

Pali mawu ena omwe ana aakazi a m'kalasi mwanu adzawamva msanga kuposa aliyense. "Scuttlebutt", omwe amamveka kwambiri ku America, amatanthauza mphekesera. "Butt" unali mgolo waukulu wa madzi akumwa, ndipo "scuttle" kunali kuuboola. Mgolo woboolawo unkaikidwa poyera, ndipo amalinyero akabwera kudzamwa ankaima pang'ono n'kumauzana zomwe amva. Ndi pa mjigo pomwe. Kulikonse kumene anthu amakumana potunga madzi, nkhani zimayenda.

"Groggy", munthu wofooka ndi wachizungulire, ili ndi tsiku lake lobadwa. Mu August 1740 mkulu wa nkhondo yapamadzi Edward Vernon analamula kuti kachasu wa nzimbe yemwe amalinyero ankalandira tsiku lililonse azisungunulidwa ndi madzi. Vernon ankakonda kuvala chijasi cha nsalu yokhakhala yotchedwa "grogram", moti anyamata ake ankamutcha Old Grog, ndipo chakumwa chosungunulacho chinatenga dzina lake. Mwambo wogawa mowawu unatha pa 31 July 1970. "Loose cannon" ndi mzinga womwe wadula zingwe zake. Mizinga ikuluikulu inkalemera matani oposa 2 ndipo inkakhala pa timatayala, choncho umodzi ukamasuka mafunde ali aakulu unkagubuduka uku ndi uku, kuphwanya miyendo ya anthu ndi matabwa a chombo chake chomwe. Munthu wotchedwa dzinali ndi wosaweruzika yemwe amavulaza a mbali yake. "First-rate" linali gulu loyamba la zombo zankhondo, zonyamula mizinga 100 kapena kuposa, monga HMS Victory ya mkulu wa nkhondo yapamadzi Horatio Nelson yomwe ikusungidwabe ku Portsmouth. Zina monga "at the helm", "on board", "flagship" ndi "all hands on deck", zomwe zadzaza m'manyuzipepala athu, zimadzifotokoza zokha.

Chichewa nachonso chinalandirako gawo lake. Sitalaka ndi "strike", ndipo pa chombo "to strike" kunali kutsitsa matanga. Mu 1768 amalinyero a pa doko la London, pofuna malipiro abwino, anatsitsa matanga a zombo kuti pasapezeke chonyamuka, ndipo akatswiri ambiri a mbiri ya mawu amaloza chaka chimenecho ngati chiyambi cha tanthauzo la kunyanyala ntchito. Sitima ndi "steamer", chombo choyendera nthunzi. Ilala yoyamba inalowa m'nyanja yathu mu 1875, pomwe njanji inafika ku Blantyre mu 1908. Makolo athu anayamba aona ya pamadzi, ndipo chinthu chofuka utsi chitabwera pa njanji chinabwereka dzina n'kukhala sitima ya pamtunda.  Koma musalole wina akuuzeni kuti bwato ndi "boat". Bwato ndi mawu athu akalekale, omwe abale ake amapezeka m'zilankhulo zambiri za Chibantu, ndipo kufanana kwake ndi mawu a Chingereziwo kunangochitika. Amalinyero ndi mawu ochokera ku Chipwitikizi, "marinheiro".

Nkhani ya bwato ndi "boat" ikutifikitsa pa mchenga wa mu mpunga uja. Uthenga womwe munalandirawo mwina unati "posh" ndi chidule cha "port out, starboard home", ati anthu olemera opita ku India ankagula zipinda za kumanzere popita ndi za kumanja pobwerera kuti athawe dzuwa, ndipo matikiti awo ankadindidwa zilembo zinayizo. Nkhaniyi ndi yokoma, koma palibe tikiti ngakhale imodzi yotereyi yomwe inapezekapo, ngakhale m'zosungidwa za kampani ya P&O yomwe inkayendetsa sitimazo. Mawuwo anayamba kulembedwa m'zaka za m'ma 1910, pomwe nkhani ya matikitiyo inatulukira patapita zaka zambiri. Pali lamulo limodzi lomwe lidzakupulumutsani kawirikawiri: chizolowezi chopanga mawu potola zilembo zoyamba, monga tinachitira ndi ADMARC kapena ESCOM, chinafala m'zaka za m'ma 1900, makamaka pa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse. Wina akakuuzani kuti mawu akale ndi chidule cha chiganizo, yambani mwakayika.

"SOS" siimira "save our souls" kapena "save our ship". Inasankhidwa pa msonkhano wa mayiko ku Berlin mu 1906, n'kuyamba kugwira ntchito mu 1908, chifukwa cha kamvekedwe kake pa makina a Morse: timadontho titatu, timizere titatu, timadontho titatu. Ndi kosavuta kutumiza munthu ali ndi mantha, ndipo nkovuta kukasokoneza ndi uthenga wina. Matanthauzo enawo anthu anawapeka pambuyo kuti azikumbukira mosavuta. Titanic pomira mu 1912 inatumiza SOS pamodzi ndi chizindikiro chakale cha CQD.

Ngati mu uthengawo munali "square meal" ndi nkhani yoti amalinyero ankadyera m'mbale zamatabwa za ngodya zinayi, ifufuteni. Mawuwa anatulukira ku America chapakati pa zaka za m'ma 1800, ndipo "square" ankatanthauza chinthu chokwanira ndi chachilungamo. "No room to swing a cat" amati ikunena za chikwapu cha zingwe 9 chokwapulira amalinyero, koma chining'achi chinalembedwa kale mu 1665, dzina la chikwapulo lisanaoneke m'zolembedwa. "Turn a blind eye" amaipereka kwa Nelson. N'zoona kuti diso lake lamanja linawonongeka ku Corsica mu 1794, ndipo zimanenedwa kuti pa nkhondo ya ku Copenhagen mu 1801 anaika choonera patali pa diso lakufalo kuti asaone mbendera yomulamula kubwerera. Koma mawuwo analipo m'Chingerezi zaka zoposa 100 nkhondoyo isanachitike. Nelson anangowatchukitsa.

Ena anayenda ulendo wosiyana, kuchoka kumtunda kupita kunyanja. "In the doldrums" timaimva pa nkhani za chuma chikafooka, ndipo ambiri amati inachokera ku chigawo cha nyanja pafupi ndi equator komwe mphepo imatha kuti zii kwa masiku ambiri. Zolembedwa zikuonetsa kuti mawuwa anayamba ndi kutanthauza kufooka kwa mtima wa munthu, kenako amalinyero anawabwereka pofotokoza chombo chosowa mphepo, ndipo pomaliza n'kukhala dzina la chigawocho.

"To the bitter end" ili pakati, ndipo ndi chitsanzo chabwino kwa ana a Fomu 4 choti mafunso ena ali ndi mayankho awiri. Pa chombo panali nsanamira zolimba zotchedwa "bitts", zokulungapo chingwe cha nangula. John Smith, mmodzi mwa Angerezi oyamba kukhazikika ku Jamestown ku America, analemba mu 1627 kuti mbali ya chingwe yotsalira m'chombo ndiyo "bitter's end". Chingwe chikatuluka mpaka pamenepo ndiye kuti palibenso choonjezera. Umenewo ndi umboni weniweni. Komabe "bitter" amatanthauzanso kuwawa, ndipo Miyambo 5:4 imakamba za chimaliziro chowawa ngati chivumulo, mawu omwe Mngerezi aliyense wa nthawi imeneyo ankawamva kutchalitchi. Ine ndimaona kuti mitsinje iwiriyi inathirana, ndipo ndi mmene ndingaphunzitsire.

Mwaona kuti pa mawu aliwonse ndikufunsa mafunso awiri omwewo: analembedwa koyamba liti, nanga amalinyero eni ake ankawagwiritsa ntchito pa ntchito yawo anthu akumtunda asanawatole? Oxford English Dictionary imaika pansi pa mawu aliwonse ziganizo zakale zokhala ndi zaka zake, ndipo Online Etymology Dictionary imatsegulidwa ulere pa foni. Nkhani yopeka imadziwika ndi kusalala kwake. Imafotokoza zonse bwinobwino koma siitchula chaka, buku kapena munthu.

Chodabwitsa n'chakuti mawu a panyanja ozama kwambiri sapezeka m'mauthenga oterewa, chifukwa sanunkhanso mchere. "Govern" inadzera ku Chilatini kuchoka ku mawu a Chigiriki otanthauza kuwongolera chombo, ndipo muzu womwewo unabala "cybernetics" mu 1948, komwe kunachokera "cyber" wa masiku ano. "Arrive" poyamba kunali kufika pa gombe. "Opportunity" ili ndi "port" mkati mwake, ndipo imafotokozedwa ngati mphepo yokankhira chombo ku doko. "Nausea", mseru, ikuchokera ku "naus", chombo m'Chigiriki, ndipo aliyense yemwe anakwerapo Ilala nthawi ya mwera sangafunse chifukwa. "Quarantine", yomwe tonse tinaiphunzira mu 2020, ndi masiku 40 omwe zombo zinkabindikiritsidwa ku Venice poopa mliri. Ndipo "skipper", "yacht", "deck" ndi "cruise" Angerezi anabwereka kwa anthu a ku Netherlands, omwe anamenyana nawo nkhondo zitatu zapamadzi pakati pa 1652 ndi 1674.

Pali gulu limodzi lokha lomwe ana anu adzavutika nalo, ndipo apa mpofunika kufatsa. Ife tili ndi mawu amodzi, nyanja, pomwe Chingerezi chimasiyanitsa "lake" ndi "sea", ndipo kusiyana kwakukulu si mchere wokha. Nyanja yamchere imadzaza ndi kuphwa kawiri pa maola pafupifupi 25 aliwonse chifukwa cha kukoka kwa mwezi. Ku Beira madzi amatha kukwera ndi kutsika mamita oposa 5, moti malo omwe m'mawa panali poyandama boti masana pamakhala matope okhaokha. Kumeneku ndiko "tide", ndipo nyanja yathu ilibe koti munthu n'kukuona ndi maso. Mwana yemwe sanakuonepo amaganiza kuti "tide" ndi funde, ndipo zining'a zonse za gululi zimamusokonekera. "The tide has turned" sikunena za funde lobwerera. Ikunena za nthawi yomwe madzi onse asiya kukwera n'kuyamba kutsika, ndipo chilichonse choyandama chatembenuka nawo. "To tide someone over" ikuchokera pa chombo chosowa mphepo chomwe chimayenda ndi madzi akamalowera komwe chikupita, n'kuponya nangula akatembenuka, kudikira kuti abwererenso. N'chifukwa chake imatanthauza kathandizo kongomufikitsa munthu ku malipiro a mwezi wamawa. Mu "time and tide wait for no man" muli chinsinsi china: m'Chingerezi chakale "tide" ankatanthauza nthawi kapena nyengo, monga zilili mu "Christmastide", choncho poyamba mwambiwu unkangonena nthawi kawiri.

Pa "high and dry" muli ndi chothandizira pafupi. Ndi chombo chomwe madzi achithawa n'kuchisiya pamchenga, ndipo munthu wosiyidwa chotero ndi yemwe ife timati wasiyidwa padzuwa. Nyanja yathu imachita kamodzi pa chaka zomwe yamchere imachita kawiri pa tsiku: imakwera mvula ikagwa mpaka cha mu April kapena May, n'kumatsika mpaka mvula ina itayandikira. Mu November tengani kalasi yanu mupite nayo kugombe, muwaonetse mzere wa zinyalala pomwe madzi analekezera mu May, ndi mtunda womwe ulipo kuchoka pamenepo kukafika pomwe madzi ali. Kenako muwauze kuti ku Beira zimenezi zimachitika m'maola 6.